Chogogoda m'Denga la Aphunzitsi

Kodi n'chiyani chingagogode m'denga lotsekedwa mbali zonse, lopanda ngakhale kaboo kolowa chala, zamoyo zonse zimene zinali m'menemo zitafa kale? Chimene ndikunenachi sichinkadikira mdima. Chinkagogoda dzuwa lili pamutu, anthu ali maso, katatu, kenako n'kukhala chete ngati mlendo amene akuyembekeza kuti mumutsegulire. Muzilingalira pamene ndikukufotokozerani.

Nyumbayo inali ya aphunzitsi ena opuma pa ntchito. Anaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo choko chinachoka m'manja mwawo koma sichinachoke pakamwa. Munthu akayamba kuwafotokozera kanthu, ankakweza chala n'kumudula kuti, "Zimenezo ndadziwa kale." Nyumba yawo ankainyadira kwambiri. Mumsewu wonsewo ndi iwo okha amene anali ndi thanki yachitsulo m'denga, moti madzi akasiya m'mipopi ya anzawo, kwawo ankatulukabe.

Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali nkhunda. Zinapeza mipata pakati pa khoma ndi malata, zinalowa, n'kuyamba kuswana pamwamba pa siling'i. Zitosi zinayeretsa khoma la kumbuyo, nthenga zinkadzaza pakhonde, ndipo m'mawa uliwonse m'dengamo munkamveka ngati msonkhano wa anthu ong'ung'udza. Aphunzitsi anapirira mpaka tsiku limene mwana wawo wamkazi anaimba foni. Mwamuna wake ankapita kutali kukachita maphunziro a chaka chonse, ndipo iye ankafuna kudzakhala kwa makolo ake pamodzi ndi khanda lake la miyezi isanu ndi inayi. Anati afika pakatha masiku khumi. Chipinda chimene anamukonzera chinali pansi penipeni pa zisa za nkhundazo.

Akazi awo a aphunzitsi anaitana mchimwene wawo, amene anali kalipentala wodziwa za madenga. Iye anakwera, anakhalitsa m'mwambamo, n'kutsika nthenga zili m'mutu.

"Alamu, mwaweta khola lonseli osatiitana ku ndiwo?" anatero akudziphumitsa fumbi. "Zisa ndawerenga khumi ndi zinayi, ndipo zambiri muli maunda."

"Sindinakuitanireni kalembera," anayankha aphunzitsi. "Tsekani mipatayo lero."

"Ntchito imeneyi siitha tsiku limodzi. Timatseka mipata yonse n'kusiya umodzi. Tidikire masabata atatu kuti maunda amere mapiko. Kenako pa mpata wotsalawo ndiikepo kachitseko kotseguka potuluka pokha. Ikatuluka yomaliza ndilowe, ndisese, ndiye titseke."

"Masabata atatu? Mdzukulu wanga akubwera Loweruka la sabata yamawa."

"Ayambe wagona chipinda chinacho. Komanso alamu, pali china chimene ndaona m'mwambamo. Mukazitsekera m'kati zimenezi..."

Chala chija chinakwera. "Ndadziwa kale. Ndaphunzitsa za mbalame inu musanaphunzire kugwira hamala."

"Bambo, alekeni achimwene amalize," anatero akazi awo.

"Amaliza."

Kalipentala anatola chikwama chake cha zipangizo. Pa geti anacheuka n'kuuza mlongo wake kuti, "Achemwali, foni yanga muli nayo."

Tsiku lotsatira aphunzitsi anagula sefa ya waya ndi misomali. Anamenya malata ndi mtengo wautali, nkhunda zinabalalika mlengalenga ngati mapepala ouluzika ndi mphepo, ndipo iwo anakhutira kuti zatuluka zonse. Sanaganize kuti mbalame yofungatira siithawa chisa chifukwa cha phokoso, imangodzipanikiza pansi. Anakhomera sefa kuzungulira nyumba yonse, mpata ndi mpata, osasiya ngakhale umodzi. Kachitseko ka siling'i kolowera m'denga kanali m'chipinda cha mdzukulu chomwecho. Anakakhomera ndi misomali isanu ndi umodzi, n'kupaka penti yachikasu chipinda chonse kuti pasaoneke chilema.

Masiku awiri oyamba m'dengamo munali kukanda ndi kukupiza mapiko. Maunda ankalira mopyapyala ngati chitseko chosowa mafuta. Nkhunda zimene zinatsekeredwa kunja zinkauluka n'kudzimenyetsa pa sefa. Tsiku lachitatu zinasiya. Zinandandalika pa waya wa magetsi patsogolo pa nyumba, zonse zitayang'ana kukhomo, osalira, osadya. Aphunzitsi akatuluka kukathirira maluwa, timitu tonse tinkatembenuka pamodzi kuwatsatira. Anazigenda kamodzi. Zinadzuka, zinazungulira, n'kubwerera iliyonse pamalo pake.

Pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi m'denga munati zii.

"Mwamva?" anatero aphunzitsi pa tebulo, akuloza m'mwamba ndi supuni. "Masabata atatu a achimwene anu ndi amenewa."

"Kumanda nakonso kumakhala bata," anayankha akazi awo osakweza maso.

Mwana wawo anafika Loweruka lija. Nyumba inadzaza matewera, timabotolo ndi kuseka. Aphunzitsi anamunyamula mdzukuluyo, kamtsikana konenepa ka mano awiri, n'kumamuzungulitsa chipinda chachikasu. "Mkazi wanga wamng'ono wafika. Akuluwa apakire katundu," ankatero, akazi awo n'kumayankha kuti, "Mutengeni, tione ngati akuchapireni malaya."

Masana a tsiku lomwelo, mayi wa mwanayo akukonza madzi osambitsira khanda, kunamveka kugogoda m'mwamba. Go. Go. Go. Sikunali kukanda kwa khoswe kapena kulira kwa malata. Kunali kugogoda kodekha, kwa chinthu chosafulumira.

"Ababa, kumwambaku kuli ndani?"

"Malata akutanuka ndi dzuwa. Chitsulo chikatentha chimafutukuka."

Koma tsiku lotsatira kunali mitambo, ndipo chinagogodabe. Chinagogoda m'mawa akazi awo akutsuka mbale, chinagogoda masana, chinagogoda madzulo dzuwa lisanalowe. Nthawi zonse katatu. Khanda lija likamva linkasiya kuyamwa, n'kukweza maso kuyang'ana pa kachitseko kopakidwa penti, n'kutambasula kadzanja ngati likupatsa moni munthu.

Kenako kunabwera fungo, lozuna moipa, limene linkakhala kukhosi munthu akameza malovu. Aphunzitsi anagula mankhwala onunkhiritsa m'nyumba. Ntchentche zazikulu zobiriwira zinayamba kupezeka pa galasi la windo, m'kati, mawindo ali otseka. Akazi awo anadandaula m'mimba, mwana wawonso chimodzimodzi, ndipo anati madzi akumveka kakomedwe kachilendo.

"Ndi dzimbiri la m'mapaipi," anatero aphunzitsi. "Madzi a nyumba ino ndamwa zaka makumi awiri."

Mayi wa khanda ankawiritsa madzi onse a mwana wake. Koma tsiku lina kukutentha, iye atapita kumsika, khanda linalira ndi ludzu. Agogo ake aamuna anatunga pampopi m'kakapu kake ka pulasitiki n'kulimwetsa, akuliimbira nyimbo. Anachitanso chimodzimodzi mawa lake.

"Bambo, itanani achimwene atsegule pamwambapa," anatero akazi awo. "Nyumba ino sikupuma bwino."

"Kuti adzandiseke? Zimene zili m'menemo ziuma zokha."

Usiku umodzi wokha unakwanira. Kutacha khanda linali litatsegula m'mimba kosalekeza, likusanza, maso ndi liwombo zitalowa m'kati. Silinkaliranso, linkangotsegula pakamwa. Amayi awiriwo anathamanga nalo kuchipatala, kumene analigoneka n'kuliika madzi a m'botolo pa kadzanja kaja. Aphunzitsi, amene anawatsatira, anauzidwa kuti abwerere kunyumba akatenge zovala ndi ziwiya za mwana.

Anafika dzuwa lili paliwombo. Nkhunda za pa waya zinawayang'ana akulowa. M'nyumba munali chete, moti ankamva nsapato zawo zokha. Anapinda timalaya, anaika m'chikwama, n'kutenga kakapu ka pulasitiki kaja kuti akatsuke. Anatsegula mpopi wa kukhitchini.

Go. Go. Go.

Anatseka mpopi. Anaima akumvetsera. Kunalibe kanthu. Anatsegulanso, madzi anayenda pang'ono, ndipo kumwamba kunayankha. Go. Go. Go. Anayesa kachitatu. Ulendo uno mpopi unatsokomola, unalavula mpweya, ndipo m'kakapu ka mdzukulu wawo munagwera kanthenga kotuwa, konyowa, n'kumazungulira pamwamba pa madzi.

Aphunzitsi anakhala pansi, pa simenti pomwepo. Anatulutsa foni.

"Alamu," anatero aphunzitsi, kalipentala atayankha foni, "pali chimene sindikuchidziwa. Bwerani."

Kalipentala sanaseke. Anafika ndi makwerero ndi tochi, anamanga kansalu kumphuno, n'kuzula misomali isanu ndi umodzi ija umodziumodzi. Kachitseko katatseguka, mpweya wotentha unatsika pamodzi ndi ntchentche. Analowa. Kwa nthawi yaitali kunkangomveka matabwa akulira pansi pa mawondo ake. Kenako nkhope yake inaonekera pa bowo.

"Kwerani, alamu. Izi si zouzidwa."

Aphunzitsi anakwera. Kuwala kwa tochi kunayenda pa zisa, mmene maunda anaumira makosi ali chotambasuka. Kunayenda m'mbali mwa khoma, mmene nkhunda zina zinafera milomo ili m'maboo a sefa, zitayang'ana kunja. Kenako kunaima pa thanki. Chivundikiro chake chinali thabwa lakale, lofumbwa, ndipo theka lake linali litagwera m'kati.

"Ichi ndicho ndinkafuna kukuuzani tsiku lija," anatero kalipentala motsitsa mawu. "Zikakhala ndi potulukira zimakamwa kunja. Mukazitsekera, ludzu limazilondolera pano. Kulowa zimalowa, koma chitsulo n'choterera."

Aphunzitsi anasuzumira m'thankimo, ndipo chala chawo chija sichinakwere.

Khanda linakhala m'chipatala masiku asanu ndi atatu. Tsiku lachinayi anamwino anali atayamba kulankhula monong'ona, koma Mulungu anachita chifundo, mwanayo anatsegula maso n'kufuna bere. Aphunzitsi anaulula okha za kakapu kaja, ataima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja. Mwana wawo anawamvetsera mpaka kumapeto. Sanakalipe.

"Ababa, amalume anakuuzani za thanki ija?"

"Anayamba kundiuza."

Iye anagwedeza mutu n'kufunditsa mwana wake. Atatulutsidwa m'chipatala anapita kukakhala kwa apongozi ake, ndipo katundu wake anachita kutumiza galimoto kudzatenga.

Kalipentala anachotsa thanki ija n'kuika ina ya chivundikiro chomanga. Anasesa m'denga, anapopera mankhwala, anakonza sefa. Nkhunda za pa waya zinachoka tsiku limene anatulutsa matumba a zinzake, ndipo sizinabwererenso. Chipinda chachikasu chilipobe, kabedi kakang'ono kali pakona. Aphunzitsi amachitsegula m'mawa uliwonse kuti mupite mphepo, ndipo mpaka lero akamatsegula mpopi amayamba aima kaye, mutu uli chopendekeka, kumvetsera kumwamba. Akuluakulu sananame pamene anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

M'thanki muja munali nkhunda zisanu ndi ziwiri zakufa. Imodzi inakodwa phiko pa kamtengo ka mpira woyandama wotsekera madzi. Munthu akatsegula mpopi pansi, madzi ankatsika, mpira unkagwedezeka, ndipo mlomo wa nkhundayo unkamenya khoma la thanki. Chinkagogoda chija ndi chimenecho.