Njiri ndi Buleki ya Thirakitala

Njiri ndi mlamu wake Nungu anali ndi pikapu imodzi yonyamulira matimati kupita kumsika wa kuseri kwa phiri. Chiphaso chake cha fitinesi chinali chitatha, ndipo buleki ya tayala lakutsogolo kumanja inali itatheratu. Nungu, nyama yodekha, ankafuna kuti adikire ina yofanana nayo ibwere kuchokera m'tauni. Koma ife a mtundu wa Njiri kudikira timakuyesa matenda, ndipo tikangogwira sipanala timadziona ngati galimoto tinapanga ndife.

Njiri anapita kumunda kwa Njati, kumene kunali thirakitala yakufa, n'kukamasulako buleki. Anaisula, kuikhoma, kuiwotcherera mpaka inalowa.

"Alamu," anatero Nungu, "mwendo umodzi wa njovu, itatu ya mbuzi. Chinyama chotere chiyenda bwanji?"

"Koyezetsa galimoto amangoona ngati ikuima," anayankha Njiri. "Iyi iziima isanauzidwe n'komwe."

Tsiku lokayezetsa, Njiri anapakiriratu madengu onse a matimati kuti akangopatsidwa chiphaso alunjike kumsika. Woyesa magalimoto anali Mayi Nkhanga, amene sankavomereza chinthu asanachione ndi maso. Anasuzumira kunsi kwa pikapuyo, n'kudzuka pang'onopang'ono.

"Bambo, buleki iyi si ya galimoto ino."

"Ndi yoposa yakeyo, mayi."

"Chomwe ndikufuna ine n'chakuti matayala agwire mofanana. Thamangani, mukaime pamzere woyera uwo."

Njiri anaimika mchira, n'kuliza injini. Atafika pamzere anaponda buleki ndi mphamvu zake zonse. Tayala lakumanja linagwira nganganga, anzake atatu aja n'kupitiriza ulendo. Pikapu inazungulira ngati nguli, n'kukalowa m'ngalande chafutambuyo, matimati ali mbwee pabwalo ponse.

Nungu anathamangirako minga ili njo ndi mantha. Anapeza mlamu wake ali bwinobwino, atagwirabe chiwongolero, akuyang'ana kumwamba, timati limodzi litabayika kunyanga yake.

"Musadandaule, alamu," anatero Njiri motsitsa mawu. "Ife kuuna timalowa chambuyo. Galimoto yangotengera mwini wake."

Mayi Nkhanga anaima m'mphepete mwa ngalandemo. "Kuima yaimadi," anatero, "koma si pamene ndinanena paja."

Chiphaso sanapatsidwe, ndipo pikapu inakhala kugalaja mpaka nyengo ya matimati inatha. Zotsala kudimba Njiri ankazikankha pawilibala kudutsa phiri lonse lija. Pamtsetse wilibala ikayamba kumukoka, buleki yake inali kugwada n'kumakhwekhwereza maondo pamiyala. N'chifukwa chake mpaka lero maondo athu ndi okhakhala, ngakhale timauza alendo kuti ndi chifukwa cha ulemu.

Phunziro: Kulimbitsa mbali imodzi si kukonza. Chinthu chimaima bwino ziwalo zake zikamagwirizana, ndipo wokana kudikira amalipira ndi maondo ake.