Lero Sagona, Akukaona Njovu

Kalekale, kale ndithu, nkhalango ya nyama ija isanazingidwe ndi mpanda, kunali bambo wina dzina lake Sankhulani. Munthuyu anali wofunsafunsa. Akaona nyerere zitanyamula chiwala, ankasiya khasu m'munda n'kuzitsatira kuti aone kumene zikupita. Mkazi wake, Nachisale, anali atangomuzolowera.

Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Mwandida, wongosiya kumene kuyamwa. Mwanayu anatengera atate ake. Tsiku lina anamva anthu akukamba za njovu, basi mtendere unatha pakhomopo. Kukacha, njovu. Kukada, njovu. Sankhulani anamuumbira njovu yadothi, mwana n'kufunsa ngati yeniyeniyo imakwananso m'manja. Bamboyo zinamukhudza, chifukwa nayenso njovu ankangoimva.

Ndiye analonjeza kuti akamuonetsa. Koma mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo mvula ikagwa mitsinje inkadzaza, njira ya kunkhalango n'kutsekeka mpaka chilimwe china. Mpata unali wa tsiku limodzi lokha.

Ananyamuka m'mamawa, mbatata zootcha mumtanga, madzi m'chipanda, mwana paphewa pa atate ake. Ali m'njira, Nachisale anakumbutsa kuti mwanayu amagona dzuwa likafika paliwombo, tsono adzafunika kupeza mthunzi n'kukhala pansi. Sankhulani anaseka.

"Tulo tatsala kunyumba, mayi a Mwandida. Lero sagona, akukaona njovu."

Anayenda, anayenda, n'kulowa m'nkhalango. M'mawa wonse zinali bwino. Mwandida ankaloza chilichonse, nkhanga, agulugufe, chulu, ndipo atate ake ankayankha mafunso ake n'kuwonjezerapo awo.

Dzuwa litakwera, mwana anayamba kuyasamula.

Anapeza Njiri akulowetsa ana ake mu una. Sankhulani anapereka moni n'kufunsa njira ya kwa njovu. Njiri analoza kumene kunali dziwe. Koma bamboyo sakanadutsa osafunsa china. Anafuna kudziwa chifukwa chake ana akulowetsedwa pansi dzuwa likuswa mtengo. Njiri anati pansi m'pozizira, ndipo ana ake akapanda kugona masana, madzulo amangolumana okhaokha. Kenaka anayang'ana Mwandida.

"Nanga wanuyo maso afiira bwanji?"

"Lero sagona, akukaona njovu."

Njiri anapukusa mutu, n'kulowa mu una chafutambuyo.

Anayenda, anayenda. Mwana anayamba kuodzera, mutu n'kumagwera pakhutu pa atate ake. Sankhulani ankamugwedeza, ankamugirigisha, ankamulozera mbalame zimene panalibe n'komwe. Zitakanika, anamuwaza madzi kumaso. Nachisale ankangoyenda m'mbuyo.

Pamalo ena Sankhulani anatsala pang'ono kuponda kanthu m'udzu. Kanali kamwana ka Mbawala, kali phee, kakugona. Mayi wake anali chapatali, maso ali pomwepo. Bamboyo anadabwa, n'kufunsa ngati saopa kusiya mwana yekha m'thengo. Mbawala anati mwana wogona mokwanira amakhala chete, koma wosagona amalira, ndipo kulirako ndi kumene kumaitana kambuku.

"Nanga wanuyo akutikita maso bwanji?"

"Lero sagona, akukaona njovu."

Mbawala anangobweza maso kwa mwana wake.

Anayenda, anayenda, n'kufika pamkuyu waukulu. Pansi pake panali anyani, onse ali gonegone, tiana titakakamira pamimba pa amayi awo. Nyani wamkulu anatsegula diso limodzi. Atamva za ulendowo, anati njovu zimafika padziwe mithunzi ikatalika, tsono nthawi ikadalipo yambiri. Anawauza kuti akhale pansi, mwana agone, akadzuka apitirire.

Nachisale anali atatula kale mtanga, akumasula mbereko imene anamanga m'chiuno. Koma Sankhulani mtima unali m'mwamba. Mukudziwa inu, munthu akafunitsitsa chinthu, ngakhale malangizo abwino amawaona ngati akumuchedwetsa.

"Nanga njovu ikafulumira lero, iye ali m'tulo? Tiyeni, mayi a Mwandida."

Nachisale ananyamula mtanga uja mokwiya, n'kutsatira.

Anafika padziwe dzuwa likadatentha. Panalibe njovu. Panali matope, ntchentche ndi mapazi akuluakulu a dzulo. Anakhala pansi n'kumadikira.

Apa ndi pamene Mwandida anasinthira. Anamupatsa mbatata, anaitaya. Anamupatsa madzi, anakankha chipanda. Akakhala kwa mayi ankafuna atate, akapita kwa atate ankafuna mayi, kenaka sanafunenso aliyense. Anadzigwetsa pansi n'kulira, kulira mpaka mbalame zonse za padziwepo zinathawa. Sankhulani anamuimika m'phazi la njovu kuti aone kukula kwake, mwana n'kumumenya chibakera pamphuno.

Mithunzi itayamba kutalika, Nachisale sanafunsenso munthu. Anatola mwana wake, kumubereka, n'kuyamba kuyendayenda. Asanapite patali, kulira kunaleka. Mwandida anagona tulo tofa nato.

Nthawi yomweyo nthambi zinayamba kuthyoka kutsidya.

Njovu zinatulukira, yaikulu patsogolo, zina pambuyo, kamwana pakati. Sankhulani anangoti kukamwa yasa. Anayang'ana makutu, anayang'ana minyanga, anayang'ana chitamba chikutunga madzi, mafunso onse n'kumuthawa. Kenaka anakumbukira chimene anadzera. Anathamangira kumsana kwa mkazi wake.

"Mwandida, dzuka mwanawe. Njovu ija ndi iyi."

Mutu wa mwana unangogwera mbali ina. Anamugwedeza, anamuitana, mpaka anayesa kumutsegula chikope ndi chala. Nachisale anamumenya dzanjalo.

Njovu yaikulu inaona zonsezi, n'kufunsa chimene akumuvutitsira mwanayo. Sankhulani anafotokoza za lonjezo lake, za mtunda umene ayenda, za mvula imene ili pafupi. Ndipo poti chibadwa chake chinali chomwecho, anafunsanso chimene zachedwera chonchi.

"Mwana wathu anagona panjira," inatero Njovu. "Akagona, tonse timaima n'kumutchingira dzuwa mpaka adzuke yekha."

Ndipo kamwana ka njovu kanaoneka kuti kagona mokwanira. Kankathamanga m'madzi, kankadzithira matope, kankakoka michira ya akuluakulu. Kataona anthu, kanabwera n'kununkhiza phazi la Mwandida ndi kachitamba kake. Mwandida sanagwedezeke n'komwe.

Sankhulani anapempha kuti zidikireko pang'ono, mwina mwana adzuka. Njovu inakana mwaulemu. Inati mwana wawo wapumula, tsono ino ndi nthawi yake yoyenda. Zinamwa, zinatembenuka, n'kulowa m'mitengo.

Anauyamba ulendo wobwerera kumudzi. Kum'mawa kunkagunda mabingu, ndipo madontho oyamba anawapeza akuwoloka mtsinje. Sankhulani anali ataona njovu, koma mumtima munalibe chimwemwe ngakhale pang'ono. Ankachita manyazi.

Atayandikira mudzi, mwana anadziwongola m'mbereko, kuyasamula, n'kutulutsa mutu. Nkhope inali yowala, maso ali gwa. Anayang'ana uku ndi uku, n'kumwetulira atate ake.

"Atate, tifika liti kwa njovu?"

Sankhulani anayang'ana mkazi wake. Mkazi wake anayang'ana njira.

Tsono inu oyenda ndi ana, mwamva. Mukamakonza ulendo, konzaninso pamene mwana akagone. Akayasamula, pezani mthunzi, khalani pansi, mumusiye agone. Mukamumana tulo kuti aone zambiri, tulo tidzamutenga pa nthawi yomwe munkafuna kuti aone chija munadzera.

Ndiye yanga nthano yathera pomwepo.