Mmisiri wa Matailosi ndi Khoma la Mimba

Panali mmisiri wina woika matailosi, amene dzina lake linkamveka tauni yonse. Ntchito ankaidziwa, tisamunamizire. Koma pakamwa, abale inu! Akaona ntchito ya mnzake yokhota, ankailengeza paliponse mpaka mwini wake kusowa womulemba ganyu.

Tsiku lina mayi wina wamasiye, wachikulire ndithu, anamuitana. Ankafuna matailosi pakhoma la m'khitchini, pamwamba pa tebulo la simenti pamene panali sinki, poti madzi otsukira mbale anali atadya pulasitala.

Mmisiri uja anagunditsa kukhoma levulo, chipangizo chokhala ndi kathovu choyezera ngati khoma lawongoka. Levulo inagwedera. Pakati, khomalo linatuluka mimba. Chakumapeto linalowa mkati, moti dzanja linkakwana kuseri kwa levulo. Ndiye matailosi sapindika. Ukawakakamiza pamalo otere, amasweka.

"Mayi, khoma ili n'lofunika kugumula," anatero. "Kuwongola mtengo n'poyamba. Ine dzina langa sindingaliike pa zinthu zotere."

Mayiyo anayang'ana kumwamba. Khomalo ndi limene linasenza denga, ndipo mvula inali pafupi. Mmisiri anaziona zimenezo, koma analibe nazo ntchito. Anatulutsa nyundo m'chikwama.

"Anamanga ndani? Mundiuze dzina. Munthu wotere asadzagwirenso chipande chomangira."

"Anali mnyamata wina wongobwera kumene kuchokera kumudzi," anayankha mayiyo mofatsa. "Nthawi imeneyo kuno kunali tchire, mipanda yonseyi kunalibe. Iye analibe levulo, ankayezera botolo la madzi. Malemu amuna anga ataona khomali anapsa mtima, anafuna kumuyalutsa pagulu. Ndinawagwira mkono. Ndinati makoma atatu awongoka, lachinayili tidzakhala nalo. Ndipo takhala nalo zaka makumi awiri ndi zisanu. Aneba akafunsa, tinkangoti ndi mwana wolimbikira."

Mayiyo anapitiriza.

"Tsiku lomanga khomali, njerwa inamuphwanya chala chachikulu chakumanzere. Ndinang'amba mpango wanga n'kumumanga."

Mmisiri anayang'ana dzanja lake lamanzere. Chikhadabo cha chalacho sichinamerenso bwino chiyambire tsiku limenelo. Manyazi anamugwira. Anakumbukira botolo lija. Anakumbukiranso kuti aneba omwewo ndi amene anamupatsa ntchito yake yachiwiri ndi yachitatu. Dzina limene ankaliteteza ndi nyundo lija linakula chifukwa mayiyu anatseka pakamwa.

"Mayi, kani mumandidziwa?"

"Ndakuitanani dala, mwanangu. Ndinamva kuti masiku ano mumawongola."

Mmisiri anabweza nyundo m'chikwama. Anakoka chingwe kuchoka mbali ina kufika mbali ina, chikukhudza pamimba paja. Pamene khoma linalowa anadzazapo simenti, n'kudikira kuti iume, n'kuwonjezeranso. Pamene linatuluka anapalapo pang'ono, n'kupaka yopyapyala. Ntchito ya tsiku limodzi inamudyera masiku anayi, ali chogwada patebulo paja, wopanda woyankhula naye. Atamaliza anagunditsanso levulo pamatailosi, kathovu kake n'kukhala pakati penipeni. Mvula itabwera inapeza denga lili m'malo mwake.

Tsono inu amene mwawongoka lero, ndikufunseni: nyundo ili m'manja mwanuyo mukufuna kugumula nayo ndani? Mkamwini wanu? Mwana amene wakuchititsani manyazi? Anyani sasekana zikundu, abale anga. Kwinakwake kuli nyumba imene anthu akukhala ndi khoma lanu lokhota mpaka lero, ndipo sanakutchuleni dzina. Bwezani nyundo, tengani chipande. Pamene mnzanu walowa kwambiri, ndi pamene pafunika simenti yambiri.