Mbedza ya Kagwamminga

"Ehee! Lero lokha watha, mlamba iwe!" Umu ndi momwe ankayankhulira Kagwamminga, kholo lathu ife aMbewe a kuno, mawu ali ngati ng'oma yonyowa, akuyenda tsimphi, gwedee, tsimphi, gwedee, mwendo wamanzere ukufika mawa pamene wamanja wafika lero.

Akuluakulu amati kalekale, mtundu wathu ukusamuka kuthawa chilala, Kagwamminga, mwana wa Nambewe wamkulu, mdzukulu wa Chitsulo wosula makasu, anatopera pa dziwe lina la m'nkhalango, ndipo abale ake anapitirira ulendo atamusiyira nsungwi, chingwe cha bwazi ndi mbedza imodzi. Iye anawauza kuti awatsatira akangovuula mlamba wa m'dziwemo, umene ndevu zake zinkafika tsidya lino ndi tsidya linalo.

Zinatha zaka zisanu ndi ziwiri popanda womupatsa moni. M'mawa uliwonse ankatunga nyongolotsi n'kudikira. Mlamba ukajompha nyambo, iye osapupuluma ayi. Ukameza n'kuyamba kuthawa ndi chingwe, pamenepo dzutu! nsungwi n'kupindika ngati uta. Ukakoka, iye ankalekerera pang'ono; ukatopa, ankakoka ndi iye, chingwe osachilola kukhwefuka, uku akuukalipira, kuuuza maloto ake, kuufunsa za mvula. Koma ukangofika pamapazi pake, phwa! wapulumuka. Mwala umene chingwecho chinkakhulapo ulipo mpaka lero, uli ndi mzere woti munthu n'kupisamo mkono wonse, ndipo adzukulu ake sitidya mlamba.

Chaka chachisanu ndi chitatu, mlongo wake Nambewe wamng'ono anabwerera kudzamutenga, imvi zili mbuu. Anaonerera nkhondoyo masiku atatu, mlamba ukupulumuka katatu konse.

"Achimwene, inu amene munkavuula nsomba ngakhale m'chithaphwi, mlamba umodzi zaka zonsezi? Vuulani tizipita, mudzi tinamanga kale."

"Ngochenjera uyu, mlongo wanga. Pakamwa pake pali mafuta."

Nambewe anatsomphola chingwe n'kuyang'ana mbedza ija. Nsonga yake inali yowongoka ngati munga.

"Iyi ndi mbedza, kapena chotokosera m'mano? Anawongola ndani?"

Kagwamminga, munthu amene pakamwa pake sipankatera ntchentche, anayankhula motsitsa mawu, maso ali pamadzi.

"Ndinawongola ndine, ndi mwala, chaka choyamba chomwe. Nonsenu munapita osacheuka. Uyu yekha ndi amene ndikamukoka, nayenso amandikoka."