Phale la Velina

Kalekale, m'mawa wina, Velina anafika pakhomo pa mkulu wake Esinati atanyamula phale.

"Achemwali, moto wandizimira. Ndipaleko."

Esinati sanadzutse mutu. Ankasita bulawuzi yoyera ndi simbi yamakala.

"Kapale kwa mbuzi yako."

Velina anaika phale pansi, nabwerera chimanjamanja.

Chiyambi chake n'chakuti Esinati anali mayi wopemphera. Anali ndi zovala zoyera zimene ankasungira tsiku lobwera Ambuye. Mwezi ndi mwezi ankazichapa, n'kuzisita, n'kuzibwezera m'sutikesi. Tsiku lina mbuzi ya Velina inatafuna duku la Esinati lili padzuwa. Duku anagula lina, koma moto anasiya kupalana. Dzinja linapita, lina linapita, lachitatu linapita.

M'mawa womwewo, Velina atangochoka, njiwa inatera pamtengo wa mango, n'kuyamba kuitana.

"Esinati, konzeka. Esinati, konzeka."

"Ndinakonzeka kale. Sukuona ndikusita?"

"Nanga mng'ono wako?"

"Ameneyo ndidzamuona tikakolola."



Dzuwa lili paliwombo, lipenga linalira. Silinachokere kutchalitchi, silinachokere kuphiri. Mphepo inaima. Nkhuku zinasiya kupalasa.

Esinati anadziwa kuti Ambuye abwera. Anathamangira m'nyumba. Anavala bulawuzi. Anamanga duku, linamasuka. Anamanganso, linamasuka. Kachitatu linagwira.

Atatuluka, mudzi unali zii. Ndowa inali pachitsime, madzi ali pakati. Khasu linali chiimire pamzere.

Anayenda. Kenako anathamanga. Anafika kwa Velina, napeza chitseko chili pululu, nkhuni zili pamafuwa zosayatsa, mbuzi ili pachingwe.

"Velina, bwera udzapale."

Zii.

"Velina, mwana wa mayi anga, bwera udzapale moto."

Zii.

Njiwa inatera padenga.

"Wapita. Ambuye anamuitana, anavomera."

"Nanga ine? Taona zovala zanga. Palibe banga."

"Za zovala sanafunse."

"Ndimupepese tsopano."

"Umupepese kuti?"

Njiwa inauluka, osatembenuka.

Esinati anakhala pakhonde la mng'ono wake, atavala zoyera, kudikira kuti lipenga lilirenso. Silinalire.

Wamva, mwana wanga? Tsikulo silituma mthenga kuti uyambe wakolola. Chapa zovala, inde, koma ngati pali khomo limene umalilambalala popita kukapemphera, pita ukagogode lero. Mawa si lako.

Dzuwa litapendeka, Esinati anabwerera kwake. Pamafuwa pake panali phulusa lokhalokha. Simbi inali itazizira. Phale la Velina linali pomwe analisiya paja, ndipo m'katimo munali khala limodzi, likuyaka.

Apa ndi pamene yathera nthano yanga.