Kalata ya Pansi pa Felti

Pa Chinyunyu, m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Chipata, panali kashedi ka akalipentala awiri. Wamkulu anali ba Lewis, amene mutu wawo unayera ndi utuchi komanso zaka. Mnzawo anali Maybin, mbeta ya manja aluso koma lilime lolemera. Ankapanga zitseko ndi mipando, koma chimene apaulendo ankaimitsira galimoto chinali timabokosi ta mukwa tosungiramo ndolo ndi mikanda, toyalidwa m'kati ndi nsalu yofewa ija amati felti.

Kutsidya kwa msewu kunali Dorcas, telala wosoka mayunifolomu a sukulu. Makina ake akayamba kulira, Maybin ankafunafuna pensulo ili pakhutu pake. Kwa chaka chathunthu ankangomupatsa moni, za chikondi osazitchula.

Tsiku lina anapeza nzeru imene iye mwini anaiona kuti ndi yakuya. Anapanga kabokosi kosungiramo singano, nalemba kalata yaifupi yofunsira ukwati. Anaganiza zobisa kalatayo pansi pa felti, ngodya imodzi n'kuisiya yosamata, kaulusi kofiira katasuzumira pamenepo. Dorcas akadzakoka kaulusiko, chinsinsi chidzatuluka chokha ngati inswa mvula ikagwa.

Ba Lewis anamva zonsezi akunola tchizulo. Anamulangiza kuti atenge guluu woyera wa matabwa, apake pang'ono pathabwa pokha, adikire mpaka ayambe kugwira chala, kenaka ayale nsalu mofatsa. Guluu ameneyo amachedwa kuuma, koma amalola munthu kukonza pomwe palakwika. Maybin anali atatsegula kale kachitini ka guluu wa nsapato, wachikasu uja wonunkha mpaka kuseri kwa shedi. Ankafuna kupereka mphatso tsiku lomwelo, mtima usanabwerere m'mbuyo.

"Iwe Maybin, guluu uyo sakambitsana naye. Akagwira wagwira," anatero ba Lewis. "Ndipo ngati uli na mawu, msewu ndi uwu, woloka ukakambe. Pakamwa sipafuna guluu."

Maybin anaseka, nati chikondi chomatidwa ndi guluu wofooka si chikondi ayi.

Anaika kalata pakati, napaka guluu mozungulira, wina n'kupaka kunsi kwa felti. Iye akutsitsa nsaluyo pang'onopang'ono, Dorcas anaseka kutsidya kuja ndi kasitomala. Maybin anadzutsa mutu. Pamene ankabweza maso, felti inali itakhala pansi, ngodya zonse zinayi zitagwira kuti nga, kaulusi kofiira katamezedwa. Anayesa kunyamula ndi nsonga ya mpeni, nsalu inayamba kuthothoka ubweya. Anaisiya, n'kudzitonthoza kuti zala za telala zili ndi maso, zidzamva kuti pansipo pali kanthu.

Masana omwewo anawoloka msewu. Dorcas analandira kabokosiko ndi manja awiri, anakanunkhiza, nayang'ana Maybin m'maso kwa kanthawi ndithu ngati munthu wodikira basi. Maybin ananena kuti ndi kosungiramo singano chabe, nabwerera kushedi mothamanga mpaka kutsala pang'ono kugundidwa ndi njinga ya makala.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse unali wa chiyembekezo. Dorcas akakweza dzanja, Maybin ankati wawerenga. Akapanda kukweza, ankati wawerenga ndipo akuganizira. Chonsecho Dorcas anali ataika kapilo ka mapini pamwamba penipeni pa kalatayo. Lachisanu lililonse ba Lewis ankafunsa ngati positi yafika, Maybin n'kuyankha kuti zinthu zabwino sizithamanga.

Chimene chinkathamanga chinali minibasi ya Obby, dalaivala wa pakati pa Lusaka ndi mlatho wa Luangwa. Tsiku lina Obby anaima kuti Dorcas amusokere batani la shati. Sabata yotsatira linathothoka lina. Mabatani a Obby anayamba kuyoyoka ngati masuku akapsa, ndipo mwini wake sankadziwa kulemba makalata. Zimene zinali mumtima ankazinena pompo, apaulendo akumuimbira hutala.

Mvula itatha, chimanga chitauma m'minda, Dorcas anawoloka msewu kabokosi kali m'manja. Maybin anasiya ntchito. Anapukuta manja pa ovolosi kawiri konse.

Dorcas ananena kuti akufuna kabokosi kena konga komweko, koma kakang'ono, koikamo mphete ziwiri. Ukwati wake ndi Obby udzakhala kutchalitchi ku Mpanshya mwezi wa Ogasiti.

"Mumate na guluu yamene ija, ba Maybin," anatero akusisita felti ndi chala. "Iyi siinanyamukepo olo pakona." Kenaka anatsitsa mawu. "Tsiku lija munandipatsa, ndinayesa muli na zokamba. Ndinayembekeza mpaka mvula inatha."

Maybin anayang'ana chala chija chili pamwamba pa kalata yake, pakati pangotsala kansalu kopyapyala. Anatsegula pakamwa. Ba Lewis anasiya kupala thabwa. Ndipo Maybin anafunsa kuti felti ikhale ya mtundu wanji.

"Yofiira," anayankha Dorcas, nanyamula kabokosi kake n'kumapita.

Kabokosi ka mphete Maybin anakamata ndi guluu woyera, mofatsa, ndipo kanatuluka kokongola kuposa tonse timene anapangapo. Kalata ija ikadali pomwepo, pansi pa singano, m'nyumba ya Obby, ndipo amene amaidziwa ndi anthu awiri okha. Mmodzi wa iwo, akaona Maybin akuyang'ana kutsidya pensulo ili pakhutu, amangopukusa mutu wa utuchi uja n'kukumbukira zimene akale ananena: mbewa ya manyazi inafera kuuna.