Mbewu ya Matondo

Kalekale, amayi anu asadamere ndi dzino lomwe, kudali mudzi wina patsinde pa phiri. Tcherani makutu, ine sindibwereza.

Phirilo lidali la mitengo ya mitondo yokhayokha. Mvula ikagwa, masamba ankadzaza matondo. Ndiwo zokoma zija! Koma anthu a m'mudzimo, ulesi. Kukwera mtengo, ayi. Kugwedeza nthambi, ayi. Ankangogwetsa mtengo wonse kuti azitola atakhala pansi. Dula, tola. Dula, tola. Mapeto ake phiri lidatsala mbee ngati dazi. Matondo psiti! Bowa psiti! Kasupe naye adauma.

M'mudzimo mudali mayi wina, dzina lake Nazimbiri. Tsiku lina akufuna nkhuni adapeza chitsa chitaphukira, pamasamba pake pali matondo ochepa, osadzaza ndi dzanja lomwe. Adatambasula mkono.

"Mayi, pepani!" adatero mmodzi wa matondowo, wonenepa kuposa anzake. "Tatsala ife tokha m'phiri lonse lino. Mukatidya lero, mwadya ndi achaka chamawa omwe."

"Ha! Ndiwo n'kumayankhula?" adatero Nazimbiri. "Nanga ine ndidye chiyani, miyala?"

"Tisungireni zitsazi zikule. Zikakula, apamasamba muzitola, ndi anu. Koma otsika mtengo kukagona m'dothi musawakhudze. Imeneyo ndi mbewu. Amadzatuluka ali agulugufe n'kuikira mazira."

Nazimbiri adayang'ana nsengwa yake yopanda kanthu. Adayang'ana phiri ladazi lija.

"Ndalumbira," adatero. "Pali malemu amayi anga."

Basi ntchito idayamba. Mphukira zofooka ankasadza, zamphamvu ankasiya. Chilimwe ankalambula udzu kuti moto usalowe. Mbuzi ankazigenda. Sadza, lambula, genda. Sadza, lambula, genda.

"Nazimbiri wakwatiwa ndi chitsa!" ankaseka amayi popita kudambo kukatunga madzi amatope.

"Eya," iye ankayankha. "Koma changa sichibwera choledzera."

Mvula idabwera, mvula idapita, idabweranso. Zitsa zidasanduka mitengo. Bowa adamera. Njuchi zidabwerera, mbalame zidabwerera. Kasupe adayamba kudontha, kenako kuyenda. Ndipo matondo, eee! Masamba bii! Oseka aja ndiwo adali oyamba kufika ndi madengu, manyazi alibe. Nazimbiri ankawalola, koma lamulo lidali limodzi: nkhwangwa isakwere phiri.

Tsono Nazimbiri adali ndi chinjira wake, Nakwenda. Chinjira si mnzako wamba, ana inu. Awiriwa adavekana mikanda m'khosi ali atsikana. Ankadyera mbale imodzi, wina akadwala mnzake ankamusambitsa. Ndi Nakwenda yekha amene Nazimbiri adamutengera kuseri kwa phiri, pansi pa mitondo ikuluikulu, n'kumulozera dothi lofewa.

"Mbewu imagona apa, achinjira. Pakamwa potseka."

"Ine? Mundidule lilime," adatero Nakwenda.

Chaka china, matondo atangoyamba kutsika, kudabwera uthenga wa maliro. Mlongo wake wa Nazimbiri adamwalira kumudzi wakutali.

"Achinjira, ndisungireni phiri."

"Pitani mukalire bwino. Diso langa ndi diso lanu."

Koma Nakwenda adali ndi chinkhoswe cha mwana wake wamkazi, ndipo adali atadzitama kale kwa akuchimuna: "Kwathu matondo mudzadya mpaka kumasula malamba!" Adakwera phiri, adapeza apamasamba achepa, otsalawo ali kunsonga. Adabwerera n'kudzutsa mwamuna wake pamkeka.

"Bambo, tengani nkhwangwa. Ine nditenga khasu."

Gwe! Gwe! Mitondo pansi. Kumba, tola. Kumba, tola. Madengu tho!

Nazimbiri adabwerako tsiku lachinkhoswe lenilenilo, fumbi lili m'miyendo. Nthungululu, ng'oma, anthu pikitipikiti. Nakwenda adamuthamangira ndi mbale.

"Achinjira, mwafika bwino! Idyani, ndakusungirani onona."

Adali ononadi, m'mimba mopanda masamba. Nazimbiri adaponya mmodzi m'kamwa. Adatafuna. Mano adakumana ndi mchenga.

Adasiya kutafuna. Adamuyang'ana Nakwenda. Nakwenda adayang'ana kumbali.

"Achinjira, apamasamba sakhala ndi mchenga."

"Aaa, mwina ana adagwetsa mbale."

"Ana adagwetsa mbale, kapena make ana adagwetsa phiri?"

Nakwenda adamukokera kuseri kwa nkhokwe. "Musakweze mawu, alendo amva. Ndi tizilombo chabe, achinjira! Mumafuna ndichite manyazi pamaso pa akuchimuna? Inu mwana wokwatitsa mulibe, simungamvetse."

Mawu amenewo adabaya kuposa mchenga uja. Nazimbiri adamanga chitenje, liwiro kuphiri.

Mayo! Mitondo ili lambalamba. Dothi lofukulidwa ngati padutsa nguluwe. Mbalame zii. Adagwada n'kumafufuza ndi zala, osapeza kanthu. Kenako panthambi yofota adaona mmodzi yekha, mdzukulu wa wonenepa uja.

"Mayi, mudalumbira," adatero.

"Si ine! Ndidali kumaliro!"

"Nanga wokumbayo, pogona pathu adamuuza ndani?"

Nazimbiri adayang'ana dothi lofukulidwa lija. Mdzukulu uja adapitiriza:

"Alipo ochepa adalowa pansi pa mwala, khasu silidawafike. Mitengo ikadzabwerera, nawonso adzabwerera, poti mitengo sidatilakwire. Koma kuyankhula ndi munthu, tasiya lero."

"Ndikhululukireni!" adalira Nazimbiri.

Koma mdzukulu uja adangodzutsa mutu, n'kupukusa uku ndi uku. Mawu ayi.

Nazimbiri adatsika phiri. Adalowa pakati pa bwalo ng'oma zikulira, adagwira mikanda ya m'khosi mwake, du! Adaikhuthulira m'mbale ya matondo ija.

"Dyani ndi iyi yomwe," adatero. "Nayonso ndi yonona."

M'mawa mwake adabwerera kuzitsa. Msana udali utayamba kupindika, koma sadza, lambula, genda. Pamwala paja ankapalondera ngati manda a make. Padapita mvula zambiri, tsitsi lidachita mbuu, mitengo idamupitiriranso mutu. Ndipo tsiku lina adaona masamba akugwedezeka popanda mphepo. Matondo!

Adawapatsa moni. Iwo adangodzutsa mitu n'kupukusa.

Ali chiimire, adamva mapazi kumbuyo. Nakwenda, atawonda ngati bango, kansengwa m'manja.

"Achinjira, adzukulu anga akudya zopanda ndiwo."

"Chinjira wanga ndidamuika m'manda chaka chachinkhoswe," adatero Nazimbiri. "Inu sindikudziwani, mayi. Adzukuluwo abwere okha, ndiwatolera, iwo sadakumbe. Koma inu, mukuona zitsa zakuseri zija? N'zanu, mudadula nokha. Chikwanje ichi. Kasadzeni."

Nakwenda adatula kansengwa, adatola chikwanje, adapita chowerama.

N'chifukwa chake mpaka lero ukayandikira matondo pamtengo, amadzutsa mitu n'kupukusa. Akutikana, ana inu. Sadaiwale.

Nthano yanga yathera pachitsa pomwepo, wosinza zake zimenezo. Chimene wasiyiridwa kuti usunge sudya, ngakhale alendo adzaze bwalo.